Lole ya Tigwirizane Yakana Kulira

BUNGWE LA ALIMI A THONJE LA TIGWIRIZANE, KWA KALEMBO
Msonkhano wadzidzidzi wa komiti
Tsiku: Lachiwiri, 17 Ogasiti 1954
Malo: Pakhonde la nkhokwe ya bungwe

Opezeka: A Japhet Chipojola (wapampando, sajeni wopuma), a Blasius Nkalapa (mlembi), Mayi Nelia Makwinja, Che Abdulrazak Mdoka, a Willard Likaka. Woitanidwa: Che Swaibu Matola, dalaivala wathu.
Osapezeka: A Wadson Mkwate, amene anatumiza mawu kuti msana sunawongokebe chikankhireni lole dzulo.

1. KUTSEGULA
Wapampando anatsegula msonkhano ndi pemphero lalifupi ndi mawu aatali.

2. VUTO LA LOLE
Wapampando anati msika wa thonje ku Balaka utsekedwa Loweruka, thonje la mamembala onse likadali m'nkhokwe, koma lole kuyambira dzulo ikungoti ngwengwengwe osalira. Anati dalaivala ayankhepo, ndipo akapanda kukhutiritsa komiti, ntchito yake yathera pomwepa.

Che Swaibu anati iwo anaisiya lole ikulira bwinobwino Lachinayi pamene ankapita kumaliro a mlongo wawo ku Ntaja. Anapempha kuti awalole kutsegula boneti aone. Wapampando anakana, nati woimbidwa mlandu sagwira umboni, ndipo n'chifukwa chake anawaletsa kuyandikira lole chibwerereni. Komiti, yomwe ilibe membala woti anayendetsapo galimoto, inavomereza kuti imeneyi ndi nzeru.

3. ZIMENE KOMITI YAYESA
Che Abdulrazak anati anaviika ndodo m'thanki napeza petulo alimo, ndipo atamununkhiza anatsimikiza kuti si palafini. Anayamwanso paipi yopita ku kabuleta kuti aone ngati yatsekeka. Inali yosatsekeka, ndipo mpaka lero chakudya chilichonse chikuwanunkhira petulo.

A Willard anati anamva kwa mlamu wawo kuti injini imafuna moto, choncho anagwira waya wa pulagi wina akupukusa hendulo. Atafunsidwa ngati motowo ulipo, anati ulipo wambiri, ndipo amene akukayika apite akagwire yekha. Panalibe wokayika.

Mayi Nelia anafunsa ngati batire silinathe. Che Swaibu anati batire lakufa silitembenuza injini, Mayi, ndipo wapampando anawakumbutsa kuti sanapatsidwe mpata wolankhula.

Za kukankha, zinamveka kuti mamembala anaikankhira lole kumtsetse wa kudambo. Inaphulika ngati mfuti, agalu a m'mudzi n'kuthawa, koma osalira. Tsopano ili kudambo. Wapampando anati chimenechi n'chitukuko, popeza yayandikirako ku Balaka.

4. ZA DALAIVALA
Wapampando anati petulo alipo, moto ulipo, batire lilipo, ndiye chotsala ndi munthu. Che Swaibu anaimirira nati: "Walahi, lole imeneyo ndailera ngati mwana chichokereni kunkhondo. Ndili ndi ana anga, ndiponso a malemu mlongo wanga abwera kwa ine. Ndiloleni ndingoiona kokha, akuluakulu."

Mayi Nelia anati munthu saweruzidwa asanaone chimene walakwa. Wapampando anati kunkhondo sankafunsa amayi. Mayi Nelia anati n'zoona, n'chifukwa chake nkhondoyo inatenga nthawi yaitali chotero. Mlembi anauzidwa kuti asalembe mawu amenewa.

CHIGAMULO: Che Swaibu Matola achotsedwe ntchito lero, ndipo asakhudzenso lole ya bungwe. Anakana ndi Mayi Nelia okha. Mlembi anakweza dzanja pamodzi ndi anzake, ndipo akuchita nazo manyazi.

5. ZINA NDI ZINA
Wapampando anapempha kuti zilembedwe kuti Bwana woyang'anira mabungwe, atabwera Loweruka lapitali, anayamikira ukhondo wa lole yathu. Wapampando anati ulemu umenewu si wa dalaivala iyayi. Iwo eni ndiwo anatsegula boneti Lachisanu napeza mawaya a mapulagi atapiringizana ngati mpanda wa nkhungudzu, wina kudumpha mnzake. Anawazula onse, kuwapukuta, n'kuwabwezera pamzere ngati asilikali, wamfupi kutsogolo, wamtali kumbuyo.



Che Swaibu, amene anali atanyamula kale chikwama chawo, anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi. Kenako anati waya aliyense ali ndi pulagi yakeyake, ndipo kupiringizana kuja ndiye njira yake. Mukawasintha, moto umafika pamene petulo palibe. A Willard anafunsa kuti ndiye iwo anagwidwa ndi moto uja pachabe? Anayankhidwa kuti inde.

Mayi Nelia anapempha wapampando kuti, popeza ndiwo anazula, akabwezere mmene zinalili. Wapampando anati munthu waulemu wake sasunga m'mutu mmene uve unakhalira.

Che Abdulrazak anati ndiye Che Swaibu atsikire kudambo, ntchitoyo sitenga nthawi. Wapampando anati chigamulo cha komiti si nsalu yoti munthu avule n'kuvalanso, ndipo malinga ndi malamulo a bungwe chingasinthidwe pamsonkhano wotsatira basi. Anawonjezera kuti dalaivala wanzeru akanaika chizindikiro pa mawayawo, choncho mlandu ukadali wake.

Che Swaibu anasiya kuseka. Anati sanabwere kudzapempha chifundo kwa munthu amene wapha lole ndi kansanza kopukutira. Anatsanzika Mayi Nelia okha, natenga njira ya ku Ntaja wapansi. Che Abdulrazak anawathamangira mpaka pamsewu, koma anabwerera okha.

CHIGAMULO: Thonje lipite ku Balaka pamutu, kuyambira mawa m'bandakucha, membala aliyense ndi banja lake. Wapampando sadzasenza nawo chifukwa adzakhala akulondera lole, kuopa kuti anthu osadziwa angaiwononge.

6. MSONKHANO WOTSATIRA
Udzakhalako Lachiwiri loyamba la Seputembala, msika wa thonje utatsekedwa kale.

Msonkhano unatha dzuwa litapendeka. Wapampando anapempha wina atseke ndi pemphero, koma sipanapezeke wodzipereka.

Japhet Chipojola, Wapampando
Blasius Nkalapa, Mlembi