Nkhono za M'ngalande Yanga

Estero del Tule, Nayarit
9 Novembala 2019

Okondedwa achemwali a Herminia,

Ndikhulupirira muli bwino ku Fresno kuko, pamodzi ndi mwana wanu Yesenia ndi pakati pakepo. Ine ndilipo, kungoti chimwalirireni mlamu wanu nyumba yandikulira.

Mukuikumbuka ngalande ndinkadzitama nayo ija? Mitengo ya mangle, yomera m'matope a m'mbali mwa nyanja ija, kuseri kwa mudzi inkauma chifukwa madzi a m'nyanja sankafikako. Mayi Maribel a ku yunivesite anatiuza kuti matope a pansi pa mitengoyi amameza mpweya woipa n'kuusunga zaka mazanamazana, ndiye tiipulumutse. Anati tikumbe kulekeza m'mawondo basi. Koma ine Eusebio, wobadwira m'matope, ndiuzidwe zokumba ndi munthu wovala nsapato zoyera? Paja bambo ankati ngalande yosafika m'chiuno ndi ya alesi. Ndinalimbikitsa anzanga, tinakumba mpaka m'chiuno.

Mitengo inaphukadi, nkhono n'kunenepa m'mizu yake. Sabata yatha mayi aja anabwera ndi mapepala.

"Bambo Eusebio, munakumba kulekeza pati?"

"Polekezera mwamuna, mayi."

Sanaseke. "Matopewa sasunga mpweya wokha ayi. Pansi pake panagona mtovu, chitsulo chapoizoni, wochokera ku mgodi wakale wa kumtunda uja. Mwautakasa. Panopa uli m'nkhono."

Kutola nkhono aletsa. Dzana padoko Chucho, mnzanga wa paubwana uja, anakuwa kuti, "Abwana a ngalande! Manda athu mukumba olekeza pati, m'chiunonso?" Ena onse anangoyang'ana kumbali. Bola akanaseka. Masiku ano ndimapalasa bwato ndekha, ndipo ndikusungulumwa koopsa.

Ndazungulira mokwanira. Mabotolo atatu a nkhono zowamba ndinakutumizirani mu Ogasiti aja, amene ndinati ndi a Yesenia kuti mwana adzabadwe wamphamvu, anachokera m'ngalande momwemo. Ndinachita kusankha zonenepa ndi manja angawa. Mayi Maribel akuti mtovu umamufika mwana ali m'mimba. Ngati zatsalako, tayani ndi botolo lomwe. Mupite naye Yesenia kuchipatala akamuyeze magazi, ndipo mukanene zonse, osandibisa dzina.

Foni ndaigwira kasanu, kasanu konse ndaibweza m'thumba. Ndine wamantha, ndavomera. Kalatayi ndapatsira Lupe woyendetsa lole uja, akuti afika kwanuko Lachiwiri.

Mundiperekere moni kwa alamu a Ramiro. Moni wa Yesenia muyambe mwausunga mpaka adokotala atayankha. Sindikudziwa ngati angaulandire. Zikakhala bwino mudzamuuze kuti amalume ake ankafuna zabwino. Zikapanda kutero, musandibisire. Imbani ndithu, achemwali, ngakhale kukhale kondilalatira.

Ndine mlongo wanu wosamva,
Eusebio