Ndinalowa Holo Yolakwika

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti uli bwino kumeneko, ndi kuti chifuwa chako chija cha nyengo yozizira chinakusiya. Kuno tilipo. Amayi ako akudandaula msana monga mwa masiku onse. Mlongo wako anakhoza mayeso a unamwino, moti tsopano akutiyeza kuthamanga kwa magazi ngakhale tisanadwale. Bondo langa ndi lomwe lija.

Ndikudziwa kuti wadabwa kuona zolemba zanga pa envelopu. Zaka ziwiri ndi miyezi itatu osakulembera, osakuyankha foni. Usaing'ambe kalatayi. Werenga mpaka pansi, ukatero uchite zimene ukufuna.

Ukukumbukira pangano lathu la mafilimu a madainoso, zilombo zikuluzikulu zamakedzana zija? Unali ndi zaka zisanu ndi zitatu pamene tinaonera gawo loyamba. Unabisa mutu m'jekete langa, koma diso limodzi lili panja. Kuyambira tsiku limenelo tinagwirizana kuti gawo latsopano likatuluka, palibe woonera yekha. Ndipo filimu ikangoyamba, aliyense ankasankha munthu woyamba kudyedwa. Iwe unkasankha wovala tayi nthawi zonse, ndipo unkandipambana.

Gawo lachisanu linatuluka mwezi watha. Milungu iwiri ndinkadutsa pa chikwangwani chake, popita ku shopu ndi pobwerera. Lachitatu lina ndinapsa mtima. Ndinati mwana anandichititsa manyazi, pangano la chiyaninso? Ndinatseka shopu masana, wotchi ya kasitomala ili chitsegulire patebulo, magalasi anga ali pambali pake. Ndinapita kukaonera ndekha kuti ndikukhaulitse, iwe osadziwa n'komwe.

Nyumba ya kanema ija anaigawa pawiri masiku ano. Mtsikana wong'amba matikiti ananena kumanzere kapena kumanja, sindinamve bwino, ndipo popanda magalasi manambala a pazitseko ndimawaona mwachimbuuzi. Ndinalowa, n'kukakhala pakati penipeni pa mzere monga tinkachitira. Ndinangodabwa kuti munalibe ana.

Filimu inayamba ndi anyamata awiri m'sitima yapamtunda. Wina wamfupi, wophika mu lesitilanti. Wina wamtali, wochokera dziko lina, wosadziwa chinenero cha mnzakeyo kupatula mawu othokoza. Sindinakayikire kanthu. Paja mafilimu athu aja amayamba choncho, anthu kulankhula mpaka kutopetsa, chilombo n'kubwera mochedwa. Ndinasankha wamtaliyo kuti ndiye ayambe kudyedwa.

Ndinadikira mphindi makumi anayi. Atalowa m'nkhalango ndinati basi, chafika. Tchire linagwedezeka, ine mtima uli m'mwamba, kutulukira mbuzi. Mapeto ake ndinanong'oneza mayi wa pambali panga, kumufunsa kuti kodi madainoso abwera nthawi yanji. Anandiyang'ana ngati ndathawa kuchipatala. Nthawi yomweyo anyamata aja anapsompsonana.

Ndisakunamize, ndinafuna kutuluka. Koma kumanzere anthu asanu ndi mmodzi, kumanja asanu ndi awiri, bondo lauma gwa. Ndinachita manyazi kudzutsa anthu onsewo. Ndinati ndingotsinzina mpaka ithe. Sindinatsinzine.

Wamfupiyo anatenga mnzake kupita naye kwa makolo ake. Mlendoyo anayesetsa, mwana wanga. Anavula nsapato pomwe ena sanavule, anapereka moni mopindika, anadya tsabola mpaka misozi osadandaula. Bambo wa pakhomopo sanamuyang'ane ngakhale kamodzi. M'mawa mwake anawaperekeza pa siteshoni. Mwana wake anatambasula dzanja, iye anapisa manja m'thumba, n'kuyamba kumapita.

Ukundidziwa ndikamaonera kanema. Munthu akamayenda chilombo chili kumbuyo kwake, ine sindikhala chete. Ndinangodzimva ndaimirira, bondo lomwelo, ndikukuwa holo yonse kuti tembenuka, chitsiru iwe, tembenuka!

Anthu anaseka. Wina kumbuyo anati madala akhale pansi. Ine sindinaseke. Tsiku lija pa depoti ya basi manja anga analinso m'thumba, ndipo iwe unaima ndi chikwama chako mpaka kondakitala anakukalipira. Ndinalira, mwana wanga, pakati pa anthu osawadziwa. Mayi uja anandipatsa mpango wake.

Bambo wa mufilimuyo sanatembenuke. Ndabwererako kawiri, ndi magalasi tsopano, ndipo sakutembenukabe.

Mlongo wako atamva nkhaniyi anaseka mpaka kukhala pansi m'khitchini. Kenako anandipezera mafilimu ena otere pa kompyuta yake. Ndaonera anayi. Madandaulo ndili nawo: mvula imachuluka, ndipo anthu amayang'anizana nthawi yaitali m'malo mongonena chimene akufuna. Nthawi zina ndimalakalaka patatulukira chilombo kuti afulumire. Koma ndikuvomera, ndimawakonda. Ina ya msodzi ndi mphunzitsi wachilendo ndaionera kawiri.

Imeneyo amayi ako anaonera nane. Itatha anandiululira kuti akhala akulankhula nawe Lamlungu lililonse ine ndikapita kokameta. Ndiye chifukwa chake ankandiuza kuti tsitsi lakula pomwe pamutu panga palibe chometa! Anandionetsanso chithunzi cha mnyamata amene umakondana nayeyo. Akuti mwakhala limodzi zaka zinayi, ndipo ndi amene anakudwazika pamene unagonekedwa m'chipatala chaka chatha. Zoti unagonekedwa ine sindinkadziwa. Munthu wa dziko lina ankakumwetsa mankhwala, bambo ako ali kalikiliki kukonza mawotchi. Zimenezi zandipweteka kuposa zonse.

Usaganize kuti filimu yandisandutsa wanzeru. Pali zambiri zimene sindikuzimvetsa, ndipo ndidzaphonya polankhula, mwina kangapo. Koma chimodzi ndachidziwa. Ndinalakwa, ndipo ndikupepesa. Mawu amene ndinanena tsiku lija, oti ndilibe mwana wamwamuna, anali bodza. Ndili naye, ndipo ndamusowa kwambiri.

Loweruka ndinapita kwa abambo ako aakulu kukawauza ndekha kuti ndikukuitanani, asamve kwa ena. Anati ndikakulandirani awirinu, iwo sadzapondanso pakhomo panga, ndipo ndisanduka nkhani ya m'misewu. Ndinawayankha kuti pakhomopo ndi panga, mpando wawo udzakhalapo nthawi zonse, koma mwana wanga sindimutayanso kachiwiri. Anandiperekeza mpaka pageti. Makasitomala awiri amva kale, abwera kudzatenga mawotchi awo osakonza. Ndawakulungira bwinobwino m'pepala. Atenge.

Tsono pempho langa ndi ili. Gawo lachisanu sindinalionere mpaka lero, ndipo mtsikana wa matikiti akuti alichotsa kumapeto kwa mwezi wamawa. Bwera. Bwera ndi mnzakoyo. Undilembere dzina lake mmene amalitchulira eniake, ndiliyeserere ndisanamuone. Undiuze zimene sadya, ndi mmene amaperekera moni m'chinenero chawo. Ngati iye anavutika kuphunzira zakwathu, inenso lilime langa lingathe kupindika pang'ono.

Ngati ukadali wokwiya, bwera udzakwiyire kuno, ndidzamvetsera mpaka umalize. Ngati sukufuna kuyankha, ndidzalembanso mwezi wamawa, ndi winawo, mpaka utatopa nane. Paja umati ndine wamakani. Makaniwo ndi omwe aja, angosintha kolowera.

Chomaliza. Amayi ako asesa m'chipinda chako, ndipo kabedi kako ka kusukulu kaja ndakatulutsa. Dzulo kalipentala anabwera kudzayeza. Atamva kuti alendo ndi amuna awiri, anafunsa ngati apange mabedi awiri. Ndamuuza kuti limodzi, lalikulu, ndipo alitalikitse, chifukwa mpongozi wanga ndi wamtali.

Amayi ako ndi mlongo wako akupereka moni. Undiperekere wanga kwa iye, umuuze kuti ndathokoza pondisamalira mwana. Mulungu akusungeni nonse awiri.

Ndine,
Bambo ako.