Chigafa Chimene Sindinagonemo

Amayi, kodi kumene muliko mukupezako bwanji? Ndine Felista wanu. Kuno kumudzi tili moyo, kungoti chaka chino chisanu chabwera msanga, ndipo mng'ono wanu, mayi aang'ono a Rozina, ayamba kale kudandaula za mawondo. Tsiku lililonse amati muwadikire akubwera, koma ndikaona mmene amathera mbale ya mbatata m'mawa, ndikuona kuti mudikira nthawi yaitali.

Mlamu wanga, mkazi wa achimwene a Paulo, anachira mu Malichi. Ndi mwana wamwamuna, makutu ake ndi a bambo athu enieni, oima ngati akumvera nkhani za eni. Mtedza wa kumunda wa kudambo wachita bwino, koma chimanga chatinyenga chifukwa feteleza tinathira mochedwa. Denga la nyumba yanu linayamba kudontha pakona pamene munkaika mtondo, ndiye a Paulo afolera udzu watsopano. Mdzukulu wanu Tadala, mwana wanga uja, ali Fomu 1, ndipo wandipitirira msinkhu. Akamayenda amaponya mkono wamanzere ngati inu, mpaka anthu amatembenuka.

Ndazungulira mokwanira, Amayi. Munkanena kuti pakamwa panga pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo, koma lero pakukana kuyenda. Ndakulakwirani, ndipo ndi chifukwa chake ndakhala pansi kukulemberani.

Chaka chimene tinakuikani m'manda, ine ndi amayi anzanga awiri tinayamba kusonkhanitsa atsikana obereka ali aang'ono. Tinkakumana Lachitatu masana pakhonde la tchalitchi. Analipo khumi ndi awiri, ena ana a zaka khumi ndi zisanu, mwana kumsana, sukulu anasiya, amene anawapatsa mimba anathawira kutauni kapena kumaesiteti a fodya. Tinalibe chowapatsa koma mawu, ndipo mawu akachuluka pamimba pali njala, atsikana amayamba kujomba. Kenako tinamva kuti kuli bungwe lina la kunja limene limapereka thandizo kwa magulu osamalira achinyamata ovutika ndi atsikana otere. Mafomu ake anali a Chingerezi, ndiye anzanga anati ndilembe ine, popeza ndine ndinafika Fomu 4.

Pa fomupo panali malo olemba nkhani ya munthu mmodzi wa m'gulu. Chaka choyamba ndinalemba nkhani yanga mmene inalili. Anatiyankha mwaulemu kuti opempha anachuluka, tidzayesenso. Chifukwa china sananene, koma ine m'mutu mwangamu ndinagamula ndekha kuti nkhani yanga inalibe misozi yokwanira. Munthu angamvere bwanji chisoni mtsikana amene mayi ake anamuchitira zonse?

Chaka chachiwiri ndinapita pa Nsaru, pa kashopu kamene amalembera anthu makalata pa kompyuta, ndipo ndinalemba zina. Ndinalemba kuti nditatenga mimba ndili Fomu 2, mayi anga ananditayira zovala panja nandiuza kuti ndisadzapondenso pakhomo pawo. Ndinalemba kuti ndinagona m'chigafa cha fodya mwezi wathunthu, mvula ikugwa, ndikudya mango osapsa. Ndinadziuza kuti ndi Chingerezi, chikupita kutsidya kwa nyanja, kuno palibe amene adzachiwerenge. Ndinadziuzanso kuti inu munapita, simungamve kuwawa.

Inu mukudziwa zimene zinachitikadi, koma ndiloleni ndizilembe, chifukwa pepala lija ndinalimana. Tsiku limene munazindikira, tinali kuswa mtedza pakhonde. Munandiyang'ana m'khosi, kenako m'maso, n'kupitiriza kuswa. Masiku awiri simunandiyankhule. Tsiku lachitatu munandidzutsa nokha n'kunena kuti, "Kulira kwatha. Samba, tipite kusikelo." Lamulungu lotsatira amayi a kumphakati akunong'onezana, inu munandigwira dzanja n'kukhala nane benchi la kutsogolo, pamene aliyense akanationa bwino.

Tadala atakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, munavala chitenje chanu chabwino n'kupita kukaonana ndi ahedi kuti ndibwerere m'kalasi. Kuyambira pamenepo tsiku lililonse la sukulu munkabereka mwana n'kuyenda mtunda wonse uja, kuti nthawi yopuma ikamakwana mukhale mutafika pansi pa mtengo wa kesha, kuseri kwa kalasi, ndimuyamwitse. Mvula ikagwa munkafunda thumba la feteleza. Kumunda munkapita masana dzuwa litakwiya, anzanu akuweruka. Ndikachita manyazi ndi anyamata otisuzumira pawindo, munkati, "Iwe yamwitsa mwana, amenewo mayeso ako sadzakulembera."

Thandizo linabwera, Amayi, ndipo sindinama kuti silinachite zabwino. Tinalandira makina osokera asanu ndi amodzi, ufa wa phala la ana, ndi fizi ya amene akufuna kubwerera kusukulu. Muli kamtsikana kena m'gulu mwathu, dzina lake Linesi, kamene kankabwera ndi mwana wotupa masaya, kosayankhula ndi munthu. Lero kali Sitandade 7, mwana wake akuthamangitsa nkhuku. Ndikakaona kavala yunifolomu, mtima umanditsitsimuka, kenako umandiluma.

Mu Epulo a bungwe anati abwere kudzatsegulira ntchito. Tinasesa bwalo la tchalitchi, tinabwereka mipando, atsikana a kusekondale anakonza nyimbo, Tadala ali momwemo. Kunabwera alendo awiri a kunja ndi mayi wina wa ku ofesi yawo ya ku Lilongwe, munthu waulemu, woseka ndi aliyense. Ataimirira kuyankhula, anatulutsa pepala m'chikwama. Nditaona mizere yake ndili patali, ndinazindikira kuti ndi pepala langa lija. Anawerenga nkhani yanga m'Chingerezi, ndipo ndinapemphera kuti athere pomwepo. Koma mayiyo anati si ulemu kuyankhula pakati pa eni mudzi m'chinenero cha alendo, ndiye anamasulira yekha, osasiya liwu ndi limodzi lomwe.

"Mayi amene mukuwaona apawa," anatero akundiloza, "anathamangitsidwa ndi mayi awo owabereka. Anagona m'chigafa ali ndi pakati. Koma taonani lero, akupukuta misozi ya ana a anzawo."

Dzina lanu sindinalembe pa pepala lija, koma pabwalo paja ndani sankadziwa kuti Felista ndi mwana wa Anambewe? Panali amayi amene ankakumana nanu pamsewu mutabereka Tadala, amene ankakupatsani madzi akumwa pobwerera. Ndinawaona akuyang'ana pansi. Kenako mmodzi anayamba kuwomba m'manja, ena anatsatira, nthungululu inalira. Sindikuwaimba mlandu, adzukulu awo ndi amene akumwa phala lija. Ine ndinaimirira, ndinagwada pang'ono kuthokoza, mlendo wina akupukuta maso ndi kansalu.

Alendo atapita, tikubweza mipando, mayi aang'ono anandikodola.

"Felista, tabwera kuno. Kodi chigafa chija chinali cha yani? Malemu bambo ako fodya sanalimepo."

"Amayi, inali njira yopezera thandizo basi," ndinatero, maso ali pa mpando umene ndinanyamula.

"Eya, thandizo labwera. Akulu anga anang'ambika zidendene pa msewu wa kusukulu uja, lero anthu awomba m'manja kuti anali munthu wankhanza. Nyamula mipando, mwana wanga, ine ndapita."

Kuyambira tsiku limenelo akabwera kwathu amakhala panja, m'nyumba salowa.

Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi Tadala. Mukudziwa kuti chitenje chanu chobiriwira anachitenga pa maliro, ndipo ankafunda chimenecho pamwamba pa bulangete. Tsiku lotsatira mwambo uja ndinachipeza chopindidwa bwinobwino, chaikidwa m'dengu la zovala zanga. Patapita masabata awiri, tikukumba mtedza, Tadala anaimika khasu n'kundifunsa osandiyang'ana.

"Amayi, ndiye kuti agogo ankandida ine ndisanabadwe, eti?"

Apa ndi pamene ndinayenera kugwa pansi n'kuulula. Munkandiuza kuti ndizikuyang'anani kumaso ndikamayankhula, koma ine ndinayang'ana mtedza n'kunena kuti, "Ndi zakale zimenezo, pambuyo pake anasintha." Bodza loyamba ndinanamiza anthu osakudziwani, ili ndinanamiza mwana amene anakulira kumsana kwanu. Anangoti "Chabwino," n'kupitiriza kukumba. Kuyambira pamenepo tikamapemphera madzulo n'kufika potchula akufa, dzina lanu ankalidumpha.

Sabata yatha mayi wa ku Lilongwe uja anaimba foni. Anati nkhani yanga yakhudza anthu ambiri kwawo kwa alendo aja, ndipo kuti thandizo lipitirire chaka chamawa akufuna kudzajambula kanema, ine nditaima pa chigafa chenichenicho, mwana wanga ali pambali panga. Anafunsa ngati chikadalipo. Amayi, ndinayankha kuti chilipo. Nditadula foni ndinayamba kuyendayenda m'mudzi ngati wogula fodya, kuyang'ana chigafa chooneka chakale, chimene mwini wake sangafunse mafunso ambiri. Ndinasankha cha a Chimwala, kuseri kwa dimba lawo.

Loweruka ndinamuuza Tadala za kanema. Anati, "Kandionetseni kaye pamene munkagona." Tinapita awiriwiri. Ndinamulozera pakona pamene udzu unayoyoka, n'kunena kuti panali pamenepo. Anayang'ana mitengo, anayang'ana denga, kenako anandiyang'ana ine.

"Amayi, chigafa ichi a Chimwala anamanga ine ndili Sitandade 5. Pano panali munda wa soya, tinkadutsapo popita kumjigo."

Ndinakhala pansi pomwepo, pa zinyalala za fodya. Ndinamuuza zonse, za benchi la kutsogolo, za mtengo wa kesha, za thumba la feteleza. Ndinamuuza kuti usiku ndi umodzi womwe sindinagonepo kunja kwa nyumba yanu. Ndinkayembekezera kuti akalipa, koma analira chamumtima, misozi ikungotsika, manja ali kumbuyo.

"Ndiye miyezi iwiri yonseyi ndakhala ndikudana ndi agogo pachabe?" anatero. Ndinayesa kumufotokozera za makina, za Linesi, za phala. Anandidula. "Inuyo mukadzamwalira, nanenso ndidzanene za inu zimene ndikufuna, bola zindithandize?"

Anandisiya pomwepo n'kupita kwa mayi aang'ono, kumene akugona mpaka pano. Dzulo ndinamuona pamjigo, anandipatsa moni ngati mlendo.

Lachitatu ndinawauza zoona zake anzanga awiri aja pamodzi ndi atsikana onse. Mnzanga wina anakwiya kwambiri, anati ndikufuna kutsuka mtima wanga ndi tsogolo la ana a eni, ndipo akufa sadya phala. Mwina akunena zoona, sindikudziwa. Linesi anasisita mwana wake m'mutu, kenako anafunsa kuti, "Anti, ndiye makina adzatenga? Nanga sukulu?" Ndinamuuza kuti sindikudziwa. Ndinamuuzanso kuti ngati adzatenge, wolakwa ndine, osati alendo, ndipo mwana wake ndidzamubereka ine iyeyo ali m'kalasi, chifukwa ntchito imeneyo ndinaiona mmene amaigwirira.

Ndikuopa, Amayi. Ndikuopa kuona galimoto ya bungwe ikubwerera ndi makina kumbuyo, atsikana khumi ndi awiri akundiyang'ana. Ndikuopa kuti anthu adzandiloza pa Nsaru kuti uyo ananamizira mayi ake ali m'manda. Koma ndazindikira kuti amene anawomba m'manja aja akudziwa kale, ana awo ang'onoang'ono ndi amene sakudziwa, ndipo iwo adzakula akumva kuti Anambewe anataya mwana wawo panja.

Alendo akubwera Lachisanu m'mawa kudzajambula kanema uja. Ndapempha kuti belu la tchalitchi liimbidwe, anthu asonkhane pabwalo lomwe lija, ndipo ndatuma mawu kwa mayi aang'ono kuti abwere ndi Tadala, ngakhale akaime kumbuyo. Ndikulonjeza kuti ndidzayamba m'Chichewa, mayi wa ku Lilongwe uja adzamasulire alendo ake pambuyo. Ndidzatchula dzina lanu mokweza, ndi kunena kuti simunandithamangitse, kuti wabodza ndine. Zikatha ndidzawapempha kuti chilango chigwere ine, atsikanawo awasiyire thandizo lawo. Akakana, ndidzabwera kumanda kudzakuuzani ndekha.

Sindikupempha kuti mundikhululukire lero. Dikirani Lachisanu, mumve kaye ngati pakamwa panga patayende.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale ndakuchititsani manyazi pamaso pa mudzi wonse.

Ine mwana wanu amene simunamutaye,
Felista