Nyimbo Imene Sitinakuimbireni

Amayi anga, kodi kumene muliko kukutenthanso ngati kuno? Ife tapsa. Mvula ikungosuzumira kumapiri n'kubwerera, ndipo ana akumayenda modumphadumpha pamchenga ngati ziwala. Ndikulemba ndili pansi pa msawu wanu uja, sileti pamwendo, pepala pamwamba. Ndikudziwa kuti zilembo simunkazidziwa, koma ndikhulupirira kumeneko simungasowe wokuwerengerani.

Ndiyambe ndi zokoma. Mng'ono wanga Joana anachira nthawi yothyola thonje, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Chipumi ndi chanu, koma pakamwa anthu akuti watengera ine, poti akayamba kulira mpaka nkhuku zimathawa pakhonde. Mapira tinakolola ochepa, mbalame zinamaliza mbali ya kudambo, koma chimanga cha kudimba chatichotsa manyazi. Mbuzi yanu yamawanga inagwidwa ndi ng'ona padooko. Achimwene a Tomasi akuti anali atangotembenuka pang'ono. Ine ndikuti kutembenuka kwake kunali kopita ku Chiromo kukaonera sitima.

Mbiya yanu yaikulu yofululira sindinapatse munthu. Ndinaitsuka, ndinaisenza kupita nayo kusukulu, ndipo ndimo mumakhala madzi akumwa a ana.

Kusukuluko ndikadaphunzitsabe ana aang'ono ndi atsikana. Ntchito yake munkainena bwino, kuti ndi yotunga madzi ndi dengu. Mapira akayamba kucha ana kulibe, akulinda mbalame. Thonje likayera kulibe. Shire akadzaza, a kutsidya kulibe. Akabwerera, "a, e, i, o, u" yense amakhala atatsalira kumunda, ndiye timayambiranso. Sileti limodzi amaligwira ana atatu, ndipo wapakati ndiye amalandira zigongono. Choko chikatha ndimalembera chinangwa chouma, koma ndikangocheuka ndimapeza chadyedwa. Ena kunyumba amalankhula Chisena chokhachokha, buku lili m'Chimang'anja, ine pakati ngati wopalasa bwato, kuolotsa mawu uku ndi uku mpaka pakhosi kuuma. Komabe, Amayi, mwana akawerenga dzina lake koyamba amaseka kuseka kwina kwake kumene sindinakumvepo kwina kulikonse.

Tsopano ndifike pa chimene chandigwiritsa pepala. Ndi nkhani ya a Simeoni, mphunzitsi wamkulu, omwe aja anakakunenezani kwa akulu a mpingo mpaka munachotsedwa pa mgonero chifukwa cha mowa wa mapira. Mowa womwewo ndi umene unanditumiza kusukulu ya atsikana kumishoni. Zimenezo mukuzidziwa. Zimene mwina simukuzidziwa, poti munali mutagona kale, ndi za tsiku la maliro anu. Ndinapita kukawagwadira kuti adzapemphere, ndiponso kuti alole ana asukulu akuluakulu adzakuimbireni. Anandiyankha kuti malamulo a mpingo sanalembe ndi iwo. Tinakuikani popanda nyimbo ngakhale imodzi, mwakachetechete ngati tikubisa chinthu chakuba. Zaka ziwiri zatha tsopano, ndipo moni wanga kwa iwo wakhala wouma ngati chikopa cha ng'oma. Akamamwa madzi a m'mbiya yanu tsiku ndi tsiku, ine ndimangowayang'ana, mumtima n'kumati imwani, bambo, simukudziwa mwini wake.

Chaka chino ndinayamba kuona zachilendo. Ana a kalasi lawo ankatuluka akutsinana, akuseka. Tsiku lina ndinalanda sileti la mmodzi wa iwo. Pamalo pa masamu anali atajambula mlamba, ndevu zake zomwe, ndipo pansi pake panali chizindikiro cha a Simeoni chakuti wakhoza. Lamulungu lotsatira ndinakhala kutsogolo dala m'tchalitchi. A Simeoni anawerenga nkhani ya mwana wolowerera osaphonya liwu, chala chikuyenda bwinobwino papepala. Koma buku linali lotsegulidwa pa Masalimo. Maso awo achita ng'ala, Amayi. Akuphunzitsa ndi zimene anasunga m'mutu.

Ndisakunamizeni, ndinakondwa. Ndinati Mulungu sagona. Tsiku lotsekera sukulu linali pafupi, ndipo Bwana wa kumishoni anali atatumiza uthenga kuti adzayesa ana yekha. Mphunzitsi wosaona sangamusiye pasukulu, ndipo nyumba ya pambali pa sukulu ndi ya mphunzitsi, si ya Simeoni. Akawachotsa alibe kolowera. Munandiuza nokha kuti anawomboledwa ali mwana m'manja mwa ogula anthu, moti ngakhale dzina la mayi awo salidziwa. Akazi awo anamwalira, ana kulibe. Zonsezo ndinkazidziwa, komabe ndinakonza mawu okauza Bwana. Ndinawakonza m'Chingerezi kuti amveke bwino, ndipo ndinkawabwereza m'njira ya kumadzi ngati phunziro loloweza.

Inu simunandisiye. Ponseponse ndinkamva mawu anu aja akuti mkwiyo si mapira, ukauika m'nkhokwe udzapeza wadya nkhokweyo. Ndinkakuyankhani monga ndinkachitira muli moyo, kuti nkhokwe ndi yanga.

Tsikulo linafika Lachisanu lapitali. Tinasesa bwalo, tinazika nthambi za migwalangwa m'mbali mwa njira, amayi anabwera ndi mitsuko ya thobwa. Kunaphedwa mbuzi ziwiri. Makolo amene chaka chonse ndinkawathamangira kuminda kupempha ana awo, tsikulo anafika m'mamawa osaitanidwa, atadzola mafuta mpaka kunyezimira. Bwana anafika panjinga, nkhope ili psuu, ndipo anakhala m'sukulu m'mawa wonse akuyesa ana mmodzimmodzi, akulemba papepala lake. Panja anyamata anaguba ndi ng'oma ndi zitoliro za nsungwi. Atsikana anga anathamanga mpikisano mitsuko ili pamutu, ndipo amene anafika poyamba anafika ndi mtsuko wopanda madzi, diresi lili lonyowa, anthu kugwa nacho chiseko. Pamphasa panayalidwa mphatso: sopo, singano, timatumba ta mchere, masileti awiri atsopano ndi kabuku ka nyimbo.

Zaka zonse mayina a okhoza ankawasankha a Simeoni okha, choncho akadawanena pamtima monga amachitira ndi Baibulo. Koma chaka chino analemba ndi Bwana. Dzuwa litapendeka anaimirira, anapereka pepala lija kwa a Simeoni, nawauza kuti awerenge mokweza.

Ng'oma zinaleka. A Simeoni analibweretsa pepalalo pafupi ndi mphuno, analikankhira kutali, anapukuta thukuta. Anatsokomola. Ana anayamba kugundana mapewa. Bwana anakweza nsidze, kenako anayang'ana ine, poti ndinakhala pafupi. Mawu anga a Chingerezi anali palilime, okonzeka kale. Sindinafunikire ngakhale kuwanena, kukhala chete kokha kukadakwanira.

Koma ndinayang'ana chala chawo chili papepalapo. Chala chimenecho ndi chomwe chinagwira changa, ndili ka msinkhu wa mtondo, n'kundilembetsa chilembo choyamba cha dzina langa pamchenga wa bwalo lomweli, anthu akunena kuti mwana wa wofulula mowa sangamve sukulu. Zimenezo ndinali nditaziiwala dala.

Ndinangozindikira ndagwada.

"Pepani Bwana," ndinatero, "kuno kwathu wamkulu sakuwa pabwalo wamng'ono alipo. Mayina ndiitane ine, aphunzitsi apereke mphatso ndi manja awo."

Bodza, Amayi, lopangira pomwepo. Ndinadikira kuti wina anditsutse. M'malo mwake azakhali a Nyadani, mlongo wa bambo, amene sanapondepo m'tchalitchi chibadwire, anakweza mawu kuchokera kumitsuko ya thobwa.

"Ndi momwemo, mwana wanena zoona. Chikhalire ndi choncho."

Amayi onse anavomera, abambo akugwedeza mitu ngati pamlandu. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti mudzi wonse unkadziwa kale za maso aja. Ine ndekha ndi amene ndinkayesa kuti ndagwira chinsinsi. Bwana anakondwera, anatulutsa kabuku kake n'kulemba mwambo wathu watsopanowo.

Ndinaitana mayina. Mwana aliyense akavomera kuti "Wawa," a Simeoni ankamudziwa ndi mawu okha. Ankatchula bambo ake, mudzi wake, masiku amene anathawira kukalinda mbalame, ndi chilembo chimene chinkamuvuta, kenako n'kumuika sopo m'manja. Sanaphonye ndi mmodzi yemwe. Bwana pochoka anati sanaonepo mphunzitsi wodziwa ana ake chotere, ndipo adzaonana nawo chaka chamawa. Wojambula mlamba uja sanakhoze, ndipo khutu lake ndinalikoka ndekha anthu atabalalika.

Dzulo masana ndikupeta mapira pano, ndinamva ndodo ikugogoda m'njira. Anali a Simeoni. Ndinawayalira mphasa poti ndinu munandilera, koma madzi sindinafulumire nawo. Anakhala pansi akusisita bondo. Anati sukulu ikadzatsegulidwa iwo azidzaphunzitsa nyimbo ndi Mawu, masileti ndizidzaona ine, ndipo Bwana adzamuuza okha asanamve kwa wina. Ndinati zimenezo ndi zawo. Anati mbiya ya kusukulu ija anaizindikira tsiku lomwe ndinabwera nayo, poigwira pakamwa pamene panabenthuka. Pamenepo ndinadzuka kukawatungira madzi aja.

"Rabeka, mwanangu," anatero, "tsiku lija njira ya kwa mayi ako ndinkaiona, koma sindinapite. Lero ndikufuna kupita, njira sindikuiona. Undilondolere."

"Mwachedwa zaka ziwiri, Aphunzitsi."

"Ndachedwadi."

Akadayamba za malamulo a mpingo ndikadawayalulira mphasa ali pomwepo.

Musaganize kuti ndawakhululukira. Nkhokwe ija sinathe, ndangochotsamo dengu limodzi. Koma amalume apempha kale njira kwa eni manda, ndipo Loweruka likudzali, tikadzabwera kudzalambula, sitidzabwera tokha. Ana akuluakulu akhala akuyeserera kuyambira m'mawa pansi pa mtengo wa kusukulu, ndikuwamva ndili pano. Ndasankha nyimbo ija munkaing'ung'udza mukusefa mowa, poti munkati Mulungu saopa fungo la chimera.

Choncho musadzadzidzimuke ndi phokoso. Ndidzakhala patsogolo nditagwira nsonga ya ndodo, a Simeoni pambuyo atagwira inayo. Njira ya minga ija ndinaiganizira, sindikana. Koma ndikulonjeza kuti ndidzawadzeretsa ya kumtunda, ndipo tikadzafika ndidzayambitsa nyimboyo ndine.

Ndine mwana wanu wokukondani, wa pakamwa paja,

Rabeka