Ababa Pampando Wometerapo

Lolemba, 9 Juni

Kamera ya sukulu ili ndi ine mpaka tsiku la makolo. Enawo anaikana, ati ndi yolemera. Madamu a zojambula ati aliyense abweretse chithunzi chimodzi, zabwinozo zidzapachikidwa muholo. Ndijambula yani? Anzanga ndilibe. M'kalasi amanditcha Kadzidzi, ati ndimangotong'ola maso osayankhula.

Lachiwiri, 10 Juni

Nditaweruka, kushopu kwa Ababa. Wometetsa ngakhale mmodzi. Ababa anali atakhala okha pampando wometerapo, lumo pamiyendo, maso pagalasi. Sanandione. Dzuwa la pazenera linawagwera theka la nkhope, theka linalo mdima. Ndinadina batani la kamera. Kenako manyazi, ngati ndawapeza akusamba.

Lachinayi, 12 Juni

Madamu achisindikiza. Anachiyang'ana nthawi yaitali mpaka ndinaganiza kuti ndalakwitsa penapake. Kenako ati, "Iwe uli ndi diso. Ichi chipita muholo."

Aphunzitsi a masamu anasuzumira podutsa. "Luso lake lili pati apa? Yagwira ntchito ndi kamerayo. Ajambule ndi pensulo tione."

Onse akuluakulu, onse aphunzitsi. Zoona, ndinangodina. Koma ndinadikira kaye kuti Ababa atsitse mapewa. Kudikirako n'luso? Kaya.

Lachisanu, 13 Juni

Ndachionetsa kunyumba. Ndikanadziwa.

Amayi: "Bambo akowa akuoneka ngati ofedwa."

Ababa sanachigwire n'komwe. "Shopu yopanda anthu ukaipachike muholo? Makolo onse adziwe kuti ndimangopirikitsa ntchentche?"

Mawa ati tijambulenso, mwaulemu wake.

Loweruka, 14 Juni

Jekete, tayi, nsapato zopolisha. Ababa anaitana atelala a khomo loyandikana kuti akhale ngati kasitomala. Atelalawo ndi adazi, mutu ngati dzira, komabe anawafunditsa nsalu. "Mundimete bwinobwino achimwene, musaononge sitayilo." Aliyense mano pamtunda. Ndinaseka nanenso.

Chatuluka chowala, chooneka bwino. Achemwali ati ichi ndiye chithunzi. Nanga n'chifukwa chiyani ndikachiona kamodzi ndimakhuta, pomwe choyamba chija ndimangochibwerera?

Lolemba, 16 Juni

Madamu: "Ichi n'cha pakalendala. Choyamba chija chili kuti?"

Akuchifuna Lachitatu. Ndati ndibweretsa. Kunyumba ndati ndipereka cha jekete. Mutu ukupweteka. Mayeso a masamu sindinawerenge. Nsapato yakumanja yayambanso kuyasamula.

Mwina Madamu amangokonda zachisoni. Mwina luso ndi kuchititsa manyazi bambo ako, anthu n'kumaomba m'manja.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndimasesa tsitsi kushopu. Ababa ati, "Choyamba chija chili m'chikwamamo? Bwera nacho."

Anachitengera pazenera, n'kuvala magalasi awo. Munthu analowa kudzametetsa, iwo anangomulozera benchi osatembenuka.

"Awa ndi agogo ako," anatero. "Mmene ankakhalira chaka chomwe anatisiya. Mapewa omwewa." Kenako: "Ine ndimakhala pagalasi tsiku lonse, sindinawaonepo. Iwe wawapeza bwanji?"

Ndinangogwira tsache. Agogowo sindinawaonepo, ngakhale pachithunzi.

Anachiika m'thumba la malaya, n'kumanga batani. "Ichi sichipita kusukulu. N'changa."

Ndiye achikonda? Kapena akuchibisa? Madamu akuti n'chabwino, chionedwe ndi onse. Ababa akuti chisaonedwe ndi wina aliyense, koma kunena kuti n'choipa asiya.

Mu kamera chikadalimo. Madamu akhoza kusindikiza china mawa m'mawa, Ababa n'kudzachipeza pakhoma la holo, ali mujekete, Amayi ali pambali pawo. Dzina langa pansi pake, koyamba.

Ndachiyang'ananso pakamera pompano. Ndikufunafuna agogo. Ndikungoona Ababa, ndipo kumbuyo kwawo, pakona ya galasi, kamunthu kopanda nkhope kanyamula kamera.