Njerwa za Msonkho wa Adada

Loweruka, mwezi wa Julaye. Kwazizira chomene.

Ndinaperekeza adada kusitediyamu kukaonera mpira. Atauzidwa pageti kuti alipire, anasisita khoma n'kufunsa, "Njerwazi si msonkho wanga? Ndilipirenso kuti ndilowe?"

Bambo wachipani woyang'ana makadi aumembala anatembenuka. Ndinawakoka dzanja: "Adada, chonde, tiyeni."

Tinalipira n'kulowa, koma mpirawo adada sanauone n'komwe. Ankangokamba za kale, malowa ali bwalo lafumbi lopanda mpanda, ine ndi malemu mkulu wanga Yotamu tikusewera opanda nsapato. Anandilozera pomwe Yotamu anagoletsa ndi mutu. Panopa pali mipando ya akuluakulu.

Pobwerera kwathu ku Chiputula ndinafuna kuwauza kuti ananena zoona, koma m'njira munali anthu ambiri...