Mukandiimirire ku Chiliza cha ku Champiti

Okondedwa achimwene a Elson,

Ndikhulupirira muli bwino ku Nsipeko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo wa abambo unaphwa? Ine kukampu kuno thupi lili bwino, koma tulo sindikutiona.

Maina a okwezedwa paudindo atuluka sabata yatha, ndipo langa mulibenso. Ndikadali lefutenanti. Cedric, mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha kuwerenga mapu atangolowa usilikali, tsopano ndi kaputeni. Ndikakumana naye ndimayamba ndine kumuchitira sawatcha. Mendulo ya ulendo uja tinakasungitsa mtendere kunja anapatsanso iyeyo, chonsecho tsiku limene tinatulutsa anthu m'mudzi wozingidwa uja, iye anali chigonere m'tenti ndi malungo.

Mwina vuto ndi ine. Sindidziwa kuseka nthabwala za akuluakulu. Madzulo anzanga akazungulira a Meja, bwana amene amapereka maina athu kwa okweza anthu, ine ndimakhala pakona ndi fanta mpaka kutentha. Iwo amaitanana kuti ankolo. Ine amangonditchula kuti a Digiri.

Lachiwiri ndinalimba mtima n'kukawafunsa a Mejawo chimene ndimalakwitsa. Anandiyankha mofatsa kuti ntchito yanga ilibe banga, koma digiri siikumba manda. Kenako anandikumbutsa maliro a mayi awo, amene anaikidwa ku Champiti chaka chatha. Kagulu kawo konse kanapita pa lole, ine n'kundisiya pa ulonda wa kampu. Ndinatumiza chipepeso pafoni, ndimvekere zakwana. Iwo akuti kuchokera ku Nsipe kufika ku Champiti ngakhale wa kabaza amafika, koma pasiwa sipanaoneke munthu wa kwathu, ngakhale mlongo wosenza mtolo wa nkhuni. Akuti anachita manyazi anthu atawafunsa ngati msilikali wawo wa ku Nsipe uja alibe abale.

Achimwene, ndinangowachitira sawatcha n'kutuluka. Sindinaganize n'komwe zokuimbirani nthawi ya malirowo.

Okweza anthu akumananso mu Okutobala. Akandidumphanso ulendo uno, msinkhu wanga udutsa wa udindowu, ndipo chotsatira ndi kupumitsidwa ntchito. Nyumba tikukhalayi ndi ya kampu. Mlamu wanu Thokozile ndi woyembekezera, ndipo sindinamuuze chilichonse.

Pempho langa ndi ili. Loweruka lomaliza la mwezi uno akuvundukula chiliza cha mayi a Meja. Ine andiikanso pa ulonda. Chonde mupite, ndipo mutenge abambo. Munyamule thumba la kachewere wosankha, mlongo wathu Zelesi akathandize amayi a kumeneko kutunga madzi ndi kuphika. Ikafika nthawi yolonjera alendo, abambo akaimirire, akatchule chiwongo chathu, akanene kuti ndi bambo a Silvester wa kukampu, kenako akapepese kwa eni mbumba kuti pamaliro sitinaoneke.

Ndikudziwa chimene ndikupempha. Abambo aja anasiya ntchito kumigodi ya ku Joni chifukwa chokana kuvulira chipewa kapitawo wowatukwana, ndipo nkhani imeneyi tinakula nayo. Anagulitsa ng'ombe kuti ndipite ku yunivesite, amvekere mwana wanga sadzagwadira munthu. Lero ndikuwatuma kukagwada m'malo mwanga, ndi mwendo wotupa, pamanda a mayi amene sanawaonepo. Ndalemba kalatayi kwa inu chifukwa pafoni mawu amenewa sangatuluke.

Muwauze zoona zake, musawanamize. Akakana musawakakamize, ndipo sindidzawadandaula. Mupite nokha, mukanene kuti abambo atsalira mwendo.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, azakhali a Eliness ndi ana onse. Thokozile akuti Zelesi amusungire mbewu ya nyemba ija. Akakufunsani amayi za nyota ya paphewa, muwauze kuti maina sanatuluke.

Ine mng'ono wanu,
Silvester